Kumanga cold air intake pakhomo: paipi, sensa, fumbi ndi madzi a mvula

Cold air intake ndi paipi yotakata yokhala ndi fyuluta yooneka ngati fanelo kumapeto kwake. Imalowa m'malo mwa bokosi lakuda la air cleaner ndi paipi yalabala imene galimoto inabwera nayo kuchokera kufakitale. Kuimanga si nkhani yovuta. Munthu wodziwa kugwira sipanala ya 10 atha kumaliza m'maola awiri pamthunzi pakhomo pake. Zimene zimagwetsa anthu m'mavuto sizioneka pa tsiku lomangalo: mpweya wolowera m'mbali osadutsa pa sensa yoyeza mpweya, fyuluta yokhala pamalo otentha, ndi fyuluta yotsika kwambiri mpaka kumwa madzi a mumsewu.

Malangizowa atsamira pa injini ya Toyota ya 1NZ-FE, ya malita 1.5, imene ili mu Corolla NZE121, Axio, Fielder, RunX, Allex ndi Probox zambiri zochokera ku Japan. Pa injini ina ya petulo yopanda turbo malo a mabawuti adzasiyana, koma mfundo zake ndi zomwezi.

Phindu lake ndi lotani kwenikweni

Injini imawotcha galamu imodzi ya petulo ndi magalamu 14.7 a mpweya. Mpweya ukachuluka mu silinda, kompyuta ya injini imawonjezera petulo, mphamvu n'kukwera. Mpweya wozizira ndi wothinana kuposa wotentha: kutentha kukakwera ndi madigiri atatu, mpweya umapepuka ndi 1 peresenti. Kunja kukakhala madigiri 30 pamene pansi pa boneti pafika 60, injini yopuma mpweya wa pansi pa bonetiwo imalandira mpweya wochepa ndi 9 peresenti pa kupuma kulikonse. Nzeru yonse ya chipangizochi yagona pamenepa.

Koma tsegulani boneti mulondole kumene bokosi lakale limatenga mpweya. Mupeza kapaipi kapulasitiki kolowera kuseri kwa nyali yakutsogolo kapena mkati mwa madigadi. Ndiye kuti Toyota anali atakonza kale kuti injini izipuma mpweya wa panja. Munthu akachotsa zonsezi n'kusomeka fyuluta ya fanelo pambali pa injini popanda chotchinga, wapanga chipangizo chokoka mpweya wotentha, ngakhale pa katoni yake palembedwa kuti cold air. Galimoto imalira mokoma koma mphamvu imatsika, makamaka pa mzere wa magalimoto masana fani ya rediyeta ikamapemerera kutentha konse pa fyulutayo. Ku Chikwawa ndi Nsanje mu Okotobala, kumene kunja kumadutsa madigiri 40, kusiyanako kumamveka ndi phazi.

Injini ya 1NZ-FE ili ndi mphamvu ya mahatchi pafupifupi 110. Intake yomangidwa bwino itha kuwonjezera awiri kapena atatu, ndipo awonso amabwera injini ikakwera pamwamba pa 4,500 rpm, kutanthauza kuzungulira ka 4,500 pa mphindi imodzi. M'tauni simudzawamva. Chimene mudzamve ndi kulira kwakuya mukaponda moto. Petulo amene galimoto imadya sachepa, kawirikawiri amachita kuwonjezereka chifukwa kulirako kumakopa phazi. Komanso Lilongwe ndi Blantyre zili pamtunda wopitirira mamita 1,000, kumene mpweya ndi wopepuka ndi pafupifupi 10 peresenti poyerekeza ndi ku doko la Dar es Salaam kumene galimotoyo inatsikira m'sitima. Palibe paipi imene ingabweze zimenezo.

Yaifupi kapena yaitali

Mitundu ilipo iwiri. Yaifupi, imene amaitcha short ram, imasiya fyuluta pamene panali bokosi lakale, pakati pa batire ndi khoma lakumbuyo kwa injini. Yaitali imatsika kudzera pabowo la pansi pa batire n'kukaika fyuluta kuseri kwa bampala, kutsogolo kwa tayala. Yaitaliyi ndi imene imapezadi mpweya wozizira, komanso ndi imene imapha injini m'nyengo ya mvula. Kwa galimoto yoyenda tsiku ndi tsiku m'misewu ya kwathu kuno, sankhani yaifupi, muitchinge ndi heat shield, chitsulo chotchinga kutentha kwa injini, ndipo muisiyire kapaipi kobweretsa mpweya wa panja. Yaitali ndi ya munthu amene ali ndi galimoto ina yoyendera mu Januwale ndi Febuluwale, kapena wokonzeka kuisintha kukhala yaifupi mvula ikangoyamba. Makiti ena a paipi ziwiri zolumikiza amalola zimenezi.

Musanagule, yezani

Makampani monga K&N, AEM ndi Injen amapanga makiti a galimoto imodziimodzi, ndipo pa katoni pamalembedwa chaka ndi injini. Chenjerani kuti kiti ya Corolla ya ku America ndi ya injini ya 1.8 ndi galimoto ya chiwongolero chakumanzere. Si zonse zimene zingagwirizane ndi Axio ya ku Japan. Makiti otchipa olembedwa universal ndi paipi wamba ya aluminiyamu, nthawi zambiri ya mamilimita 76, zolumikizira za silicone ziwiri kapena zitatu, makilampu ndi fyuluta. Atha kugwira ntchito, koma nkhani ya sensa muithetsa nokha.

Pa chivundikiro cha bokosi la air cleaner la 1NZ-FE pali sensa yakuda ya mawaya asanu, yomangidwa ndi masikuluwu awiri. Imeneyo ndi MAF, yoyeza mpweya wolowa. Mkati mwake muli kawaya kotenthetsedwa ndi magetsi. Mpweya ukamadutsa umakaziziritsa, ndipo kompyuta imawerengera kuchuluka kwa mpweya kuchokera pamenepo. Sensayi siyeza mpweya wonse wa m'paipi. Imangolawa wochepa umene ukudutsa pa iyo, ndipo kompyuta inaphunzitsidwa kale kuti paipi ndi yotakata mwakuti. Mukasintha kutakata kwa paipi pamalo pa sensa, mwainamiza kompyuta.

Tiyerekeze kuti pamalo pa sensa bokosi lakale ndi lotakata mamilimita 65 mkati, ndipo inu mwaika sensa pa paipi ya 76. Malo odutsa mpweya akula ndi 37 peresenti, choncho mpweya womwewo ukuyenda pang'onopang'ono, ndipo sensa ikuona ngati wachepa ndi pafupifupi 27 peresenti. Kompyuta ichepetsa petulo, injini iyamba kudukiza ndi kutentha, nyali ya check engine n'kuyaka. Ndiye tengani vernier, chida choyezera kutakata kwa zinthu, muyeze mkati mwa khosi la bokosi lakale pamene sensa yakhala, ndipo adapta ya MAF imene mugule, kachigawo ka paipi kokhala ndi malo omangapo sensa, ikhale ya muyeso womwewo. Kusiyana kwa milimita imodzi kapena ziwiri kompyuta imakonza yokha. Kupitirira apo ayi. Yezaninso kunja kwa khomo la throttle body, chitseko cholowetsa mpweya mu injini chimene chimatseguka mukaponda moto, kuti mudziwe cholumikizira chofunika. Ngati paipi ndi yaikulu kuposa khomolo, mufunika cholumikizira chotakata mbali imodzi, chopapatiza mbali inayo.

Pali njira ina yosavuta kwa amene sakupeza adapta: kugula chivundikiro china cha bokosi kwa ogulitsa zitsulo zakale, kudula khosi lake lokhala ndi malo a sensa, kulipala bwino m'mphepete, n'kuligwiritsa ntchito ngati adapta. Muyeso wake ndi wa fakitale, sungalakwe.

Injini zina zilibe MAF. Zimayeza mpweya ndi sensa ya MAP imene ili pa manifold, mapaipi ogawira mpweya m'masilinda, kuseri kwa throttle body. Zimenezo sizivutika ndi kutakata kwa paipi, koma zina zili ndi kasensa ka mawaya awiri koyeza kutentha kwa mpweya, kosomekedwa pa paipi yalabala. Kamafunika bowo lake ndi labala wake pa paipi yatsopano. Pa 1NZ-FE kasensa kameneka kali m'kati mwa MAF momwemo.

Zida

Soketi za 8, 10 ndi 12 ndi chogwirira chake, sikuludiraiva ya fulati ndi ya nyenyezi, pulayala, vernier, cholembera, ma cable tie, nsanza zoyera ziwiri, botolo la MAF cleaner, ndi kamakina kowerenga kompyuta ka ELM327 kolumikiza ku foni. Mukamamanga yaitali, onjezani jeke, zoimikira galimoto ndi sipanala ya mawilo. Galimoto zina za ku Ulaya zimamanga MAF ndi masikuluwu a Torx okhala ndi kamsonga pakati, ndiye onani kaye mutu wa sikuluwu musanayambe.

Kamakina ka ELM327 kamakana kulankhula ndi galimoto zina za ku Japan zopangidwa 2008 isanafike. Yanu ikakhala yotero, pitani kwa wamagetsi a galimoto amene ali ndi makina aakulu akuwerengereni musanamange ndiponso mutamanga.

Zoyamba kuchita musanagulule kanthu

Lizani injini mpaka itenthe, fani izungulire kamodzi. Zimitsani AC ndi nyali. Pa foni lembani manambala anayi: rpm, MAF mu g/s (magalamu a mpweya pa sekondi), long term fuel trim (petulo amene kompyuta yazolowera kuwonjezera kapena kuchepetsa), ndi kutentha kwa mpweya wolowa. Injini ya 1.5 yabwinobwino galimoto ili chiimire imakhala pakati pa 600 ndi 800 rpm, MAF pakati pa 1.5 ndi 2.5 g/s, fuel trim pakati pa -5 ndi +5 peresenti. Kwezani injini pa 2,500 rpm mulembenso. Manambalawa ndiwo adzakuuzeni ngati ntchito yayenda. Fuel trim ikakhala kale pamwamba pa +10, galimoto ili ndi vuto lina. Konzani limenelo kaye, apo ayi mudzanamizira intake.

Kenaka zimitsani injini, muisiye izizire kwa ola lathunthu. Jambulani zithunzi za mapaipi onse ang'onoang'ono ndi mawaya ozungulira bokosi.

Malangizo a m'katoni amati chotsani waya wa negetivu pa batire. Ndi bwino, koma ganizirani wailesi. Mawailesi ambiri a sikirini amene amabwera ndi galimoto za ku Japan amatseka batire likachotsedwa, n'kumafuna khodi kapena SD card ya mapu imene inatsala ku Japan. Ngati simukudziwa za wailesi yanu, siyani batire. Chotsani kiyi muike m'thumba, dikirani mphindi zisanu, ndipo musayatse kanthu pulagi ya MAF ili yozula. Mukayatsa, kompyuta isunga khodi ya vuto ngakhale palibe chowonongeka.

Kuchotsa zakale

Dinani kadzino ka pulagi ya MAF n'kukoka pulagiyo, osati mawaya. Pulasitiki wa zaka khumi ndi zisanu ndi wouma, amathyoka msanga. Ikakana, ikankhireni m'kati kaye pang'ono kenaka dinani n'kukoka. Masulani timapini timene tagwirizira mawaya ku bokosi.

Pa paipi yalabala pali kapaipi kochokera pa chivundikiro cha injini, kotulutsa nthunzi ya oyilo. Finyani kilampu yake ndi pulayala, muisunthire kumbuyo, ndipo potokolani kapaipiko musanakoke. Pa Toyota zina palinso kavalavu kamagetsi ka nthunzi ya petulo komangidwa pa bokosi kapena pa paipi. Kamasuleni pa bokosi koma musazule mapaipi ake, kadzafunika malo atsopano okamangirira.

Masulani kilampu ya pa throttle body, tsegulani zokowera zachitsulo za chivundikiro, ndipo tulutsani chivundikiro pamodzi ndi paipi. Nthawi yomweyo tsekani khomo la throttle body ndi nsanza yoyera. Kanati kamodzi kakagwera m'menemo, ntchito ya maola awiri isanduka yochotsa manifold. Tulutsani fyuluta yakale, masulani mabawuti a 10 amene ali pansi m'bokosi, awiri kapena atatu, n'kukweza bokosi mmwamba. Kapaipi kobweretsa mpweya kuchokera kutsogolo kasiyeni pomwepo ngati mukumanga yaifupi. Ndi kamene kadzadyetse fyuluta yanu mpweya wozizira kwaulere.

Bokosi, paipi ndi mabawuti ikani m'katoni musunge. Tsiku logulitsa galimoto, kapena chaka chimene mvula idzanyanye, mudzazifuna.

Kusamutsa sensa

Masikuluwu awiri a MAF ndi ofewa mutu. Kanikizani sikuludiraiva mwamphamvu pomasula kuti isatsetsereke. Musanazule sensa, jambulani kamuvi pamwamba pake kuloza ku injini. Ikokeni molunjika, ndipo onetsetsani kuti kalabala kozungulira khosi lake katuluka nayo, kosang'ambika.

Poti ili kale m'manja, itsukeni. Ipopereni MAF cleaner kakhumi mkati mwa bowo lake ndi pa kamkanda koyeza kutentha kamene kali pambali, n'kuisiya iume mphindi 15. Musagwiritse ntchito carb cleaner, petulo kapena thinasi, ndipo musakhudze kawaya ka m'katimo ndi chilichonse, ngakhale thonje. Kakaduka, sensa yonse yatha.

Ilowetseni pa adapta kamuvi kakuloza ku injini. Masikuluwu amangeni ndi zala ziwiri pa sikuludiraiva mpaka agwire, basi. Yang'anani m'paipi poyang'anizana ndi kuwala: msonga ya sensa ifike pakati pa njira ya mpweya monga inalili m'bokosi lakale, ndipo pasaoneke kuwala m'mphepete mwa kalabala. Sensa imafuna mpweya woyenda mowongoka. Musaiike pomwe paipi yangokhota kumene, kapena yogundana ndi khosi la fyuluta. Siyani kachigawo kowongoka patsogolo pake, kotalika ngati kutakata kwa paipiyo kapena kuposerapo. Mpweya wozungulirazungulira umachititsa kuti injini izinjenjemera galimoto ili chiimire.

Kumanga zatsopano

Lamulo lake ndi limodzi: lumikizani zonse momasuka, konzani kakhalidwe, kenaka mangani. Amene amayamba ndi kulimbitsa kilampu yoyamba amapeza kuti bulaketi yakumapeto yasemphana ndi bowo ndi sentimita imodzi.

Yambani ndi heat shield, pogwiritsa ntchito mabowo a mabawuti a bokosi lakale. Labala wa m'mphepete mwake azigunda boneti ikatsekedwa, kuti fyuluta ikhale m'kachipinda kakekake. Ngati kiti yanu ilibe chotchingachi, dulani katoni mpaka igwirizane ndi malowo, n'kukadulitsa aluminiyamu ya milimita imodzi ndi theka potengera katoniyo. M'mphepete mwake vekanimo kapaipi kalabala kong'ambidwa m'litali kuti chitsulo chisacheke mawaya. Khoma lalikulu liyang'ane ku injini ndi ku fani.

Pukutani m'kati mwa paipi yatsopano. Zotchipa zambiri zimabwera ndi tizidutswa ta aluminiyamu totsala pobowola. Chotsani nsanza ija pa throttle body, ndipo werengani nsanza zanu kuti zakwana ziwiri panja. Vekani cholumikizira cha silicone pa throttle body ndi makilampu awiri omasuka, mitu yake ikuyang'ana kumene soketi ingafike mosavuta mawa. Chikalimba, nyowetsani ndi timadzi ta sopo. Girisi kapena oyilo ayi, chifukwa paipi idzavuka yokha pamsewu. Paipi ilowe mamilimita 20 mpaka 25 m'cholumikizira, koma isagunde throttle body. Pakati pawo pasiyike mpata wa mamilimita asanu. Kilampu ikhale kuseri kwa mlomo wotukuka wa paipi, osati pamwamba pake.

Bulaketi imangidwe kudzera pa kalabala kochepetsa kugwedera. Injini imagwedezeka pa ma mounting ake pamene bodi ili phee. Paipi yomangidwa mouma mbali zonse ziwiri imathyoka pa bulaketi kapena kusolola cholumikizira. Ngati mtunda ndi waufupi, cholumikizira chokhala ndi chinunda pakati chimapereka mpata wosewera.

Tsopano kapaipi ka nthunzi ya oyilo kaja. Kalumikizeni pa kamlomo ka paipi yatsopano, ndipo kamlomoko kakhale pakati pa MAF ndi throttle body. Anthu ena amangoika kafyuluta kakang'ono kofiira pa chivundikiro cha injini n'kutseka kamlomo ka pa paipi. Zimaoneka bwino, koma pa injini ya MAF ndi kulakwitsa. Mpweya wolowa pa kafyulutako umadutsa mu injini n'kukokedwa ndi valavu ya PCV, yotulutsa nthunzi ya oyilo, kupita mu manifold, sensa osauwerenga. Kapaipi kakafupika, gulani kena kopirira oyilo ka muyeso womwewo. Paipi ya m'munda imafewa n'kuphwatalala ikatentha.

Pukutani m'kati mwa khosi la fyuluta musanaiveke, chifukwa oyilo wa kufakitale amaterera. Ikankheni ilowe mamilimita 25, osapitirira, kuti paipi isatseke njira m'kati mwake. Tsekani boneti pang'onopang'ono muone ngati sikugunda. Mbali zonse za paipi ndi fyuluta pakhale mpata wa chala chimodzi, mamilimita 10 mpaka 15, kutali ndi batire, mapaipi a buleki, mapaipi a madzi ndi mawaya. Paipi ya aluminiyamu ikakhudza mutu wa pozitivu wa batire, ndi moto.

Zonse zikakhala bwino, mangani kuyambira ku throttle body kupita ku fyuluta. Makilampu wamba amafuna pafupifupi 3 Nm, kutanthauza kuti silicone ingotukuka pang'ono m'mphepete mwa kilampu ndipo paipi isapotokoke mukaigwira ndi dzanja. Pa adapta yapulasitiki chepetsani, imaphwanyika kapena kupindika kukhala ngati dzira. Somekani pulagi ya MAF mpaka imveke kuti "ke". Mawaya ake asakokeke. Akafupika, masulani tepi ya mtolo wa mawaya kuti mupeze utali wina. Kudula ndi kulumikiza kukhale chomaliza, ndipo kukhale kowotcherera, osati kupotokola ndi tepi. Mangirirani kavalavu kaja ndi ma cable tie pamalo posagwedera, ndipo lozetsani kapaipi kakale ka mpweya wa panja m'kachipinda ka fyuluta.

Omanga yaitali ali ndi ntchito yowonjezera. Masulani manati a wilo yakutsogolo ya mbali ya batire, kwezani galimoto, iikeni pa zoimikira, osati pa jeke yokha kapena pa njerwa. Chotsani wilo ndi timapini ta pulasitiki wa m'kati mwa madigadi. M'menemo mupeza chibokosi chochepetsa phokoso, chichotseni. Pamene paipi ikudutsa pabowo la chitsulo, vekani labala m'mphepete. Fyuluta ikwezeni mmwamba momwe ingathere. Pulasitiki wa m'madigadi mubwezeretse ndi mapini ake onse, chifukwa ndi yekhayo amene akutchinga matope a tayala. Manati a wilo pa Corolla amamangidwa pa 103 Nm.

Kuliza koyamba

Chotsani zida zonse pansi pa boneti. Lizani injini osaponda moto. Ngati munachotsa batire, itha kukwera ndi kutsika kwa mphindi zingapo pamene kompyuta ikuphunziranso. Isiyeni mphindi khumi, kenaka yatsani AC kwa mphindi zina zisanu. Kamluzu kochepa kochokera pa fyuluta ndi kabwinobwino. Mluzu wochokera pa cholumikizira si wabwino.

Foni ili m'manja, gwedezani paipi pa cholumikizira chilichonse mukuyang'ana short term fuel trim, nambala yoonetsa mmene kompyuta ikusinthira petulo pa nthawi yomweyo. Nambala ikalumpha kapena injini ikasintha kaliridwe, potayikira ndi pomwepo. Kenaka mnzanu akhale pa chiwongolero, handibuleki yokoka, phazi pa buleki, asinthe giya kuchoka pa D kupita pa R kangapo. Inu muime pambali, osati kutsogolo, muone mmene injini ikupendekera ndiponso ngati paipi ikugunda kanthu.

Yendani makilomita 20 mpaka 30, m'tauni ndi pamsewu waukulu, n'kuwerenganso manambala aja. Long term fuel trim isasiyane ndi yakale kupitirira 5 peresenti. Pamsewu waukulu kutentha kwa mpweya wolowa kukhale pafupi ndi kwa panja, kusiyana madigiri osapitirira khumi. Kukakhala pamwamba kuposa mmene kunalili ndi bokosi lakale, chotchinga chanu chikudontha mpweya wotentha. Mukayenda makilomita 200, bwerezani kumanga makilampu onse injini itazizira, chifukwa silicone imafewa ikatentha koyamba.

Nyali ikayaka

P0171 ikutanthauza kuti petulo wachepa poyerekeza ndi mpweya, ndipo ndiyo khodi yofala pa ntchito imeneyi. Fuel trim ikuuzani koyambira. Ikakhala yokwera galimoto ili chiimire n'kutsika pa 2,500 rpm, pali kapaipi kakang'ono kamene kazuka kapena kung'ambika, kapena ndi nkhani ya kafyuluta kofiira kaja. Ikakhala yokwera paliponse, kayikirani kutakata kwa adapta kapena cholumikizira chosagwira. Ikakhala bwino poima koma n'kumakwera mukaponda moto pamsewu, sensa yada, nthawi zambiri ndi oyilo wa fyuluta.

P0102 ndi P0113 zikabwera limodzi, pulagi ya MAF sinalowe bwino kapena munayatsa kiyi ili yozula. P0101 imaloza ku sensa yotembenuzidwa kapena yoikidwa pokhota. Injini yolira n'kuzima nthawi yomweyo ndiye kuti cholumikizira chavukiratu kuseri kwa sensa. Musangofufuta khodi n'kumayendabe. Injini yoperewera petulo kwa nthawi yaitali imatentha mavalavu ndi mapisitoni.

Madzi

Injini ya 1NZ-FE ndi ya 1,497 cc, silinda iliyonse 374 cc, ndipo imafinya mpweya pa 10.5:1. Pisitoni ikafika pamwamba, malo otsala ndi pafupifupi mamililita 39, osakwana masipuni atatu aakulu. Mpweya umafinyika, madzi safinyika. Madzi oposa pamenepo akalowa mu silinda imodzi, pisitoni imagunda ngati yagunda mwala, con rod, chitsulo chogwira pisitoni, n'kupindika kapena kuboola buloko. Zimachitika m'kuphethira kwa diso.

Fyuluta yonyowa ndi madontho a mvula si vuto, madonthowo amasanduka nthunzi. Choopsa ndi fyuluta yomira. Ya mtundu wautali imakhala pamsinkhu wa pakati pa wilo kapena kutsikirapo, ndipo ngalande za m'tauni zikatsekeka madzi a msinkhu umenewo sasowa. Minibasi yodutsana nanu imakankhanso funde limene limakweza madziwo. Yezani ndi tepi kuchokera pansi kufika pa fyuluta, ndipo nambalayo muidziwe pamtima. Kansalu kovekera fyuluta kamathandiza pa madzi othovukira, koma sikaletsa kumira. AEM inapanga bypass valve yoikidwa kumtunda kwa paipi, imene imatseguka fyuluta ikamira, koma nayonso si chilolezo chowolokera mtsinje.

Galimoto ikazima m'madzi, musayesenso kuiliza, ngakhale kamodzi. Sitata ndi imene imamaliza kupinda chitsulo chimene chikanapulumuka. Ikankhireni pouma, chotsani paipi muikhuthule, tulutsani ma coil ndi mapulagi onse anayi, zulani fyuzi ya EFI kuti petulo asamalowe, ndiyeno zungulitsani injini kuti madzi atulukire m'mabowo a mapulagi. Oyilo akaoneka ngati tiyi wamkaka, musinthe pamodzi ndi fyuluta yake musanayende.

Fumbi ndi kusamala fyuluta

Fyuluta za nsalu ya thonje yothiridwa oyilo zimadutsitsa mpweya wambiri chifukwa mabowo ake ndi aakulu kuposa a fyuluta ya pepala. Chogwira fumbi ndi oyiloyo. Opanga amatchula makilomita ambirimbiri musanatsuke, koma amanena za misewu ya tala. Pa msewu wafumbi mu Ogasiti ndi Seputembala, yang'anani fyuluta pa sevisi iliyonse. Waya wokuta nsalu yake akasiya kuoneka chifukwa cha fumbi, nthawi yakwana. Amene amayenda kwambiri m'misewu ya kumudzi asankhe fyuluta youma yosafuna oyilo, kapena angosiya bokosi la fakitale ndi pepala lake.

Potsuka, igwedezeni kuti fumbi lalikulu ligwe, ipopereni mankhwala ake otsukira, dikirani mphindi khumi osalola kuti aumirepo, n'kutsukuluza ndi madzi oyenda pang'ono kuchokera m'kati kupita kunja. Osaipopera mpweya wa kompuresa kapena madzi amphamvu a ku car wash, amang'amba nsalu. Iume yokha pamthunzi, ngakhale zitatenga tsiku lonse. Oyilo wake ndi wapadera, wofiira pa K&N. Oyilo wa injini sagwira ntchitoyi. Thirani kamzere kamodzi pamsana pa mpindo uliwonse, dikirani mphindi 20 kuti afalikire, n'kudontheza pokhapo pamene patsala poyera. Fyuluta yodontha oyilo ikulungeni m'nyuzipepala usiku wonse musanaiveke, apo ayi oyiloyo akamatirira pa kawaya ka MAF.

Pa makatoni ochokera ku America mudzaona nambala ya CARB EO. Imeneyo ndi chilolezo cha boma la California pa nkhani ya utsi. Amene muli ku Britain, uzani a inshuwalansi kuti mwasintha intake, chifukwa kusintha kosanenedwa kutha kuwapatsa chifukwa chokanira kulipira ngozi ikachitika. Galimoto imene ikadali pa waranti, funsani kaye kumene munaigula.

Pa sevisi yoyamba mutamanga, vulani fyuluta n'kupisa chala choyera m'kati mwa paipi, kupukuta khoma lake lapansi. Chala chikatuluka choyera, fyuluta ikugwira ntchito. Chikatuluka ndi kafumbi kofiirira, fumbi lomwelo likupala ma ring ndi makoma a silinda. Onani kaye kilampu ya pa khosi la fyuluta ndi msoko wa nsalu yake. Zikakhala zabwino koma fumbi n'kumapezekabe pa sevisi yachiwiri, tulutsani katoni ija mubwezeretse bokosi lakale.